Ululu wa M'kati mwa Chigongono: Phunziro la Kasisitidwe ka Mkono

Mwezi wa Febuluwale ukafika m'chidikha cha Kasungu, kuyambira ku Santhe kukafika ku Kaluluma, munthu wokhala chete pakhonde masana amasowa. Fodya wakhwima m'munda, ndipo fodya sadikira mwini wake. M'bandakucha anthu ali kale m'mizere kuthyola masamba. Dzuwa likakwera akhala pansi pa chigafa kusoka. Madzulo akukweza mikangala. Ikatha ntchito imeneyi pamabwera kusankha ndi kudinda mabelo, kuti fodya akafike ku okushoni ya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo msika ukatsegulidwa. Ndi m'miyezi imeneyi mmene ambiri a inu mumafika pa benchi ya chipatala mutagwira chigongono ndi dzanja linalo, ndi kunena kuti, "Adokotala, mkonowu wandikana."

Nthenda imene tiphunzire mwezi uno ndi ululu wa mbali ya m'kati ya chigongono, mbali imene imayang'anana ndi nthiti munthu akatsitsa mkono chikhatho chiri kutsogolo. Madokotala amaitcha medial epicondylitis. Angerezi anaipatsa dzina lakuti golfer's elbow, ndiye kuti chigongono cha munthu wosewera gofu, popeza ena omenya kampira ndi ndodo m'masewera amenewo amadwala choncho. Dzinali lisakusokonezeni. Ambiri odwala nthendayi, ngakhale ku Ulaya komweko, sanagwirepo ndodo ya gofu chibadwire. Ndi akalipentala, amisiri omanga nyumba, odula nyama ndi alimi. Dzinali likanaperekedwa kuno kwathu, bwenzi tikuti chigongono cha khasu.

Chimene chimapweteka n'chiyani?

Tambasulani mkono wanu wamanja, chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ndi zala za dzanja lamanzere papasani mbali ya m'kati ya chigongono. Mupeza kafupa kotumphuka ngati mfundo ya nsungwi. Siyani chala pamenepo, ndipo fumbatani dzanja lamanja mwamphamvu. Mumva mnofu wa m'munsi mwa kafupako ukulimba. Mwa anthu ambiri pali minofu isanu imene imayambira pa kafupa kameneka ndi kutsikira kudzanja. Ndiyo imene imapinda dzanja, imafumbatitsa zala, ndi kutembenuza chikhatho kuti chiyang'ane pansi. Zikukhala ngati ng'ombe zisanu zomangidwa pa chikhomo chimodzi: iri yonse ikakoka, chovutika ndi chingwe cha pachikhomo pomwepo.

Pano tiyenera kumvana bwino pa mau amodzi. M'Chichewa mau akuti mtsempha amanyamula zinthu zitatu zosiyana, ndipo kusazisiyanitsa n'kumene kumapweteketsa anthu posisita. Pali mtsempha wa magazi. Pali mtsempha womvera, umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo, kuti munthu amve kutentha kapena ayendetse chala. Ndipo pali mtsempha wolumikiza mnofu ku fupa, umene m'phunziro lino tiziutcha chingwe cha mnofu. Ali yense amene anasendapo mbuzi anachiona: choyera, cholimba, chokanika kutafuna. Ana amachidziwanso, pakuti akatola phazi la nkhuku yophedwa amakoka kachingwe koyera kaja, zala za nkhuku n'kumafumbata zokha.

Chodwala pa nthenda yathuyi ndi chingwe cha mnofu, pamalo pamene chagwira kafupa kaja. Sichiduka kamodzi n'kamodzi ayi. Chimatha pang'onopang'ono monga chingwe cha khonje chotungira madzi pachitsime, chimene ulusi wake umanyotsoka umodziumodzi pamene chikukhuzika pamtanda. Thupi limayesa kusoka pong'ambikapo usiku uli wonse, koma m'mawa mwake ntchito imang'ambanso pasanapole. Kale madokotala ankaganiza kuti pamalopo pamangotupa. Mu 1979 dokotala wina wa ku America, Robert Nirschl, ndi mnzake analemba zimene anaona pochita opaleshoni zigongono zodwala mbali ya kunja, nasonyeza kuti chingwecho chimakhala chofumbwa ndi chosalukana bwino, osati chotupa chabe. Za mbali ya m'kati zinapezekanso chimodzimodzi. Chingwe cha mnofu chimalandira magazi ochepa poyerekeza ndi mnofu weniweni, n'chifukwa chake chilonda cha pakhungu chimapola m'masabata awiri pamene chigongono chimatenga miyezi.

Taonani tsono kalendala ya mlimi wa fodya. Mu Sepitembala ndi Okutobala akunyamula makeni a madzi m'mawa ndi madzulo kuthirira nazale, kwinaku akuunga mizere m'nthaka youma gwa. Mvula ikagwa akuokera, kupalira ndi kubandira. Kenaka kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola ndi kusoka, zala zikutsina tsinde la tsamba kambirimbiri pa tsiku. Olima fodya wochizira m'mabalani akuwaza nkhuni ndi nkhwangwa. Pomaliza pali kupotokola jeke ndi kukweza belo la makilogalamu pafupifupi 100 pangolo. Palibe mwezi umene dzanja likuleka kufumbata. Kale ntchito yambiri yotere inali m'maesiteti ndi m'minda ya bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, koma kuyambira 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, inalowa pafupifupi m'mudzi uli wonse. Amayi nawo amagwira zonsezi, n'kuonjezerapo musi, mjigo, kupota zovala pochapa ndi mthiko wa nsima ya antchito.

Kafukufuku amene anachitika ku Finland, nasindikizidwa mu 2006, anayeza anthu oposa 4,000 a zaka 30 mpaka 64, napeza nthendayi mwa anthu 4 pa 1,000 ali onse. Inali yochuluka mwa a zaka 45 mpaka 54, mwa ogwira ntchito yobwerezabwereza ndi yofuna mphamvu, mwa onenepa kwambiri, ndiponso mwa osuta fodya. Kumeneko ntchito yolemetsa yambiri imagwiridwa ndi makina. Kuno ndi manja. Mfundo ya kusuta ija isatipitirire: chingambwe chimachepetsa magazi opita ku chingwe chimene chikuwasowa kale.

Mmene mungaidziwire

Ululu umayamba mozemba, popanda kugwa kapena kumenyedwa. Poyamba umamveka madzulo ntchito itatha, kenaka m'kati mwa ntchito, ndipo potsiriza ngakhale pokweza kapu ya tiyi kapena popatsana moni wa padzanja. Umakhala pa kafupa kaja kapena pang'ono m'munsi mwake, ndi kutsetsereka m'mkono kulowera kudzanja. M'mawa mkono umauma. Dzanja limafooka, khasu n'kumapulumuka. Kawirikawiri chigongono sichitupa, sichitentha, ndipo chimapindika ndi kuongoka bwinobwino.

Kuti mutsimikize, ikani mkono pathebulo chikhatho chiri kumwamba, mufumbate, ndipo mnzanu atsekereze nkhonyayo pamene inu mukuyesa kuipindira kumwamba. Ululu ukalasa pa kafupa kaja, ndiye kuti mwina ndi nthenda imeneyi.

Koma sikuti chigongono chiri chonse chopweteka n'choyenera kusisita. Ngati munthu wagwa pangolo kapena panjinga, chigongono chatupa kapena chapotoka, musachikoke kapena kuchitikita. Mangani mkono pachifuwa ndi nsalu, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Makamaka ana: mwana akagwa mumtengo wa mango nalira chigongono, muyese kuti fupa lathyoka kufikira adokotala atakana. Fupa la pamenepo likathyoka limatha kutsina mtsempha wa magazi, ndipo ana ena apuwala dzanja moyo wonse chifukwa cha kutikitidwa kunyumba. Chigongono chotentha, chofiira, chotupa, munthu akumvanso malungo, chikhoza kukhala ndi mafinya m'kati. Chotupa pang'onopang'ono kwa miyezi, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, chiyenera kuyezedwa chifuwa chachikulu, chimene chimagwiranso mfundo za mafupa. Ululu wotsika kuchokera m'khosi gwero lake ndi khosi. Ndipo ululu wa mkono wamanzere wodza pamodzi ndi kuthina pachifuwa ndi befu ndi nkhani ya mtima, yosafunika kugonera.

Kasisitidwe kake

Makolo athu ankasisita ndi kuthowa malo opweteka kalekale kusanabwere zipatala, ndipo sankalakwa. Kusisita kumafewetsa mnofu wokungika, kumatenthetsa mkono, kumachepetsa ululu kwa maola angapo, ndipo munthu amagona tulo. Zimenezi si zazing'ono kwa amene akudzuka kukacha kupita kumunda. Koma tinene zoona: kusisita kokha sikusoka chingwe chonyotsoka. Dokotala wa ku London, James Cyriax, anatchukitsa njira yotikita chingwe mopingasa, ndipo ochititsa mafizo ambiri amaigwiritsabe ntchito. Komabe akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wa njirayi mu 2014, anapeza kuti umboni wakuti imachiritsa ndi wosakwanira. Chotero sisitani kuti ululu utsike, ndipo ululu ukatsika mkono uthe kuchita zolimbitsa zimene tifotokoze patsogolo. Machiritso enieni ali kumeneko.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, osisita ndi osisitidwa yemwe. Izi n'zofunika kwambiri m'nyengo ya fodya. Phula lakuda limene limamatirira m'manja pothyola masamba liri ndi chikonga, ndipo chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka khungu likakhala lonyowa. Mankhwala opopera mbozi nawonso amatero. Kusisita ndi manja otere n'kupaka poizoni. Mukasamba, khalani pampando, mkono ugone pathebulo kapena pantchafu pamwamba pa chitenje chopinda, chikhatho kumwamba, chigongono chopindika pang'ono. Thowani mkono wonse ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 10. Madziwo ayesedwe ndi dzanja labwino, akhale oti mungasambitsire khanda. Pakani mafuta pang'ono, kaya ophikira, kaya a nsatsi, kaya Vaseline. Mafuta alibe mankhwala ochiza chingwe, ntchito yake ndi kuti dzanja litsetsereke. Palafini, dizilo ndi mafuta a mabuleki zimatentha khungu, zisayandikire.

Choyamba ndi kusisita kotsetsereka. Ikani chikhatho chonse pa mfundo ya dzanja, pamene timavala wotchi, ndipo kankhani pang'onopang'ono kukwera mpaka pafupi ndi chigongono. Bwererani mopepuka, ndi kuyambanso. Musathamange. Ulendo umodzi utenge nthawi ya kupuma kamodzi. Chitani chotero mphindi 2 kapena 3 kufikira khungu litafunda.

Chachiwiri ndi kukanya mnofu. Kuchokera pa kafupa kaja tsikani zala zitatu kapena zinayi kulowera kudzanja, pamene pali mnofu wonenepa. Ndi chala chachikulu zungulizani timizere ting'onoting'ono, mukudinikiza monga mmene mayi amayesera papaya ngati lapsa. Mudzapeza malo ena olimba ngati kambewu, owawa kuposa anzake. Pamenepo imani, dinikizani mosasuntha mukuwerenga mpaka 20, ndipo mudzamva pakulekerera. Pitirirani pena. Apa ndi pamene kusisita kumapindula koposa, ndipo mukhoza kuthapo mphindi 5. Mnofu umenewu ndiwo ng'ombe zokoka chingwe zija. Zikagona pansi, chikhomo chimapuma.

Chachitatu, chimene chiyenera kuchitidwa mosamala, ndi kutikita chingwe chenichenicho. Pezani nsonga ya kafupa, ndipo sunthani chala pang'ono kutsogolo ndi kumunsi, mbali ya kuchikhatho. Ikani nsonga ya chala pamenepo, ndi kuyendetsa khungu uku ndi uku mopingasa mkono, monga woimba akhudza nsambo ya bangwe. Chala chisatsetsereke pakhungu, chiyende nalo pamodzi. Mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana, ndipo muzidumphitsa tsiku. Ngati malowo akuwawa kwambiri ngakhale pongowakhudza, siyani chachitatuchi kwa sabata imodzi, muchite ziwiri zoyamba zokha. Malizani ndi kusisita kotsetsereka kuja.

Pali chikhulupiriro chakuti kusisita kosaliritsa munthu sikugwira ntchito, ndipo m'midzi muli akatswiri amene amatamandidwa chifukwa cha kuuma kwa zala zao. Pa chigongono chikhulupiriro chimenechi n'cholakwika. Muyeso wake ndi uwu: wodwala azitha kucheza pamene akusisitidwa, osakukuta mano kapena kubweza mkono. Muyeso wachiwiri ndi wa m'mawa mwake. Mukadzuka mkono uli chimodzimodzi kapena wapepuka, munachita bwino. Ukadzuka wowawa kuposa dzulo, kapena pali mikwingwirima, munapyola. Munthu akhoza kudzisisita yekha, koma ndi bwino kuti achite ndi wina wa m'banja, chifukwa dzanja labwino lija nalonso latopa ndi ntchito ya awiri.

Mtsempha umene suyenera kudinikizidwa

Kuseri kwa kafupa kaja, kulowera ku nsonga ya chigongono, kuli kangalande. M'menemo mumadutsa mtsempha womvera waukulu, wonenepa ngati chingwe cha nsapato, ndipo wangophimbidwa ndi khungu lokha. Nonse munaumvapo: ndi uja umene umati mukagunda chigongono pachitseko, mkono wonse umachita ngati wagwidwa ndi magetsi mpaka ku chala chaching'ono. Mtsempha umenewu ndiwo umapatsa kumva chala chaching'ono ndi theka la chala choyandikana nacho, ndiponso umayendetsa timinofu ta m'dzanja timene timagwira singano, cholembera ndi tsamba la fodya. Pakati pa malo oyenera kutikita ndi kangalande kameneka pali mtunda wa chala chimodzi chokha. Wosisita wosadziwa akapeza kachingwe kogubuduzika pamenepo amati wapeza nthenda, nayamba kukaphwanya ndi mphamvu zake zonse. Musalole zimenezo. Mukamva magetsi kapena nyerere zikuyenda m'zala pamene mukusisitidwa, chala chichoke pamenepo msanga.

Mwa odwala chigongono cha m'kati, ena mtsempha womverawu umakhala utapanikizika kale. Zizindikiro zake ndi dzanzi m'zala ziwiri zija, makamaka usiku munthu akagona atapinda mkono, kapena akatsamira chigongono nthawi yaitali. Zikatere pewani kutsamira, ndipo pogona kulungani chigongono ndi thaulo kapena chitenje mosathina kuti chisapindike kwambiri. Dzanzi likakhala losachoka, kapena mukaona kuti mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala ukuphwa, zala zikukanika kugundana, pitani kuchipatala osazengereza. Chingwe cha mnofu chimadikira. Mtsempha womvera ukafa nthawi yaitali sudzukanso, ndipo zala ziwirizo zimapindika ngati zikhadabo za kabawi.

Pali chifukwa china chimene tikulimbikira pa mtsempha umenewu, ndipo achikulire achidziwa. Kachirombo ka khate, kamene Gerhard Hansen wa ku Norway anakatulukira mu 1873, kamakonda mitsempha yomvera ya pafupi ndi khungu, ndipo wa pachigongonowu ndi umodzi mwa imene kamayambirira kugwira. Mtsemphawo umanenepa, umalimba, nthawi zina umawawa ukakhudzidwa, ndipo munthu amayesa kuti ndi kutopa kwa khasu. Bungwe la LEPRA linagwira ntchito yaikulu yolimbana ndi khate m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1994 Malawi anafika pa muyeso wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, wa wodwala wosakwana mmodzi pa anthu 10,000. Ambiri atamva zimenezo anayesa kuti khate latheratu. Silinathe. Odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, ndipo ena amafika kuchipatala zala zitapindika kale.

Chifukwa chake ali yense womva ululu m'kati mwa chigongono pamodzi ndi dzanzi m'zala adziyang'ane thupi lonse padzuwa, ndipo wina amuone kumsana. Funani mawanga otuwa kapena ofiirira, osayabwa, osatuluka thukuta, amene mukawakhudza ndi kathonje munthu atatsinzina sakumva. Funsaninso ngati wakhala akupsa ndi moto kapena kutuluka matuza m'manja osamva kuwawa. Kupeza zotere si chinthu chochititsa manyazi, ndipo si matsenga kapena tsoka la pamtundu. Khate limachizika ndi mankhwala akumwa kwa miyezi 6 kapena 12, amene amaperekedwa ulere, ndipo munthu akangoyamba kumwa amaleka kupatsira anzake. Ngati mtsempha wangoyamba kumene kufooka, alipo mankhwala ena outeteza. Miyezi imene munthu amataya akusisitidwa kunyumba ndi imene ikanapulumutsa dzanja lake.

Za mphini tinenepo mwachidule. Kutema pa chigongono sikutulutsa nthenda, pakuti m'katimo mulibe magazi oipa. Lezala logwiritsa anthu angapo limafalitsa kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi, mankhwala opaka pachilonda amatha kulowetsa kafumbata, ndipo mtsempha womvera uja uli pansi pa khungu pomwepo.

Kulimbitsa chingwe

Chingwe cha mnofu chiri ndi khalidwe lodabwitsa: ntchito yopyola muyeso imachiononga, kukhala chabe kumachifooketsa, koma katundu woyezedwa bwino, woonjezeredwa pang'onopang'ono, amachilimbitsa. Mukatha kusisita, mkono ukali wofunda, yambani ndi kuukoka. Ongolani chigongono, chikhatho kumwamba, ndipo ndi dzanja linalo kokerani zala pansi ndi kumbuyo kufikira mutamva kukungika m'mkono. Gwirani pomwepo mukuwerenga mpaka 30, katatu. Dzanzi likabwera m'zala, pindani chigongono pang'ono kapena lekani.

M'sabata yoyamba, ululu ukali waukulu, ingokankhani osasuntha: ikani chikhatho kunsi kwa thebulo, ndi kukankhira kumwamba ndi theka la mphamvu zanu mukuwerenga mpaka 30, kasanu. Ululu ukayamba kutsika tengani botolo la theka la lita lodzaza madzi, limene kulemera kwake ndi theka la kilogalamu. Gonekani mkono pathebulo, dzanja lilendewere kumphepete, chikhatho kumwamba, botolo liri m'dzanja. Ndi dzanja labwino kwezani dzanja lodwala. Kenaka lisiyeni litsike lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Chinsinsi chiri pa kutsikako, osati pa kukwera. Bwerezani ka 10 kapena ka 15, pumulani, ndipo chitani maulendo atatu, kamodzi pa tsiku. Kuwawa pang'ono n'kololedwa malinga ngati kwatha pofika m'mawa. Zikayamba kupepuka, thirani mchenga m'malo mwa madzi, kenaka tengani botolo la lita.

Onjezanipo kutembenuza. Gwirani hamala kapena kampini kakafupi, chigongono chiri m'nthiti, ndipo gwetserani mutu wake kunja ndi m'kati mosafulumira. Mukagwira pafupi ndi mutu n'kopepuka. Mukamasunthira kumapeto kwa mpini kumalemera. Zonsezi sizitha mphindi 15. Chovuta si kuchita kwake koma kupirira, pakuti kusintha kumayamba kuoneka patapita masabata 6 mpaka 12, ndipo ambiri amaleka pa sabata yachiwiri nati sizikuthandiza. Mlimi wa fodya, amene amafesa mu Sepitembala ndi kudzalandira ndalama mu Meyi, sayenera kuphunzitsidwa kudikira. Odwala ochuluka amachira popanda opaleshoni, ena m'miyezi itatu, ena chaka chathunthu.

Nanga ntchito itani?

N'kosavuta kwa wolemba kunena kuti pumulani mwezi umodzi. Tikudziwa kuti masamba akapsa m'munda ngongole ya feteleza siipsa nawo. Chimene tikupempha si kuleka ntchito yonse, koma kuchotsa pa mkonowo zija zimene zimaulasa koposa, ndizo kufumbata mwamphamvu, kupotokola, ndi kunyamula dzanja litapindika. Sinthanani ntchito m'banja kapena m'kalabu: wodwala mkono asankhe fodya, wina apotokole jeke. Pa jeke pakhale anthu awiri, ndipo belo lisakwezedwe ndi munthu mmodzi. Nolani khasu ndi nkhwangwa, pakuti chida chobuntha chimabwezera nkhonya yonse m'chigongono. Mpini woonda kapena woterera ukulungeni ndi nsalu kapena legeni kuti dzanja lisafinye kwambiri. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20; igaweni pawiri, munyamule mbali zonse, mikono iri pafupi ndi thupi ndipo mfundo ya dzanja iri yoongoka. Pa mjigo gwirani ndi manja onse ndi kupopa ndi thupi lonse. Posoka, imani pakatha theka la ola, mutambasule zala ndi kukoka mkono monga tafotokozera.

Ena amathandizidwa ndi kalamba komanga pamnofu, zala ziwiri kapena zitatu m'munsi mwa kafupa, pa nthawi ya ntchito yokha. Kansalu kopinda bwino kakwana. Kasathine mpaka zala kuzizira kapena kuchita dzanzi, kasadutse pa kangalande kaja, ndipo legeni ndi ya pampini, osati ya pamkono.

Pamene mkono wa bambo kapena mayi wakana, maso amagwera pa ana. Apa tichenjeze mosabisa: mwana wa sukulu si mankhwala a chigongono cha kholo. Chikonga cha m'masamba aawisi chimadwalitsa ana msanga kuposa akulu, mafupa ao sanakhwime, ndipo masiku amene ajomba m'nyengo ya fodya sabwereranso. Eni minda ndi akapitawo nawonso amve: wantchito amene mwamusinthira ntchito masabata atatu adzakugwirirani nyengo yonse, koma amene mwamukakamiza pa jeke adzakusiyani fodya ali m'chigafa.

Mankhwala ochepetsa ululu ali ndi malo ake. Panado ndi wofatsa kwa anthu ambiri akamwedwa pa muyeso wolembedwa. Brufen, Indocid ndi diclofenac amathandiza masiku ochepa, koma kumwa tsiku ndi tsiku nyengo yonse, monga ena amachitira pogula pa okala, kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Amayi oyembekezera, odwala zilonda za m'mimba, impso, mtima kapena kuthamanga kwa magazi, ndi amene ali pa ma ARV, asamwe asanafunse adokotala. Choopsa china n'chakuti mankhwala amatseka pakamwa pa ululu pamene chingwe chikunkabe ching'ambika. Ambiri amapempha jakisoni wa pachigongono, poti jakisoni ndiye amaoneka ngati mankhwala enieni. Ulipodi wotere, ndipo umaziziritsa ululu kwa masabata angapo. Koma kafukufuku wasonyeza kuti pakatha chaka obayidwa sakhala bwino kuposa osabayidwa, ndipo kubaya kawirikawiri kumafooketsa chingwe. Wobaya malo amenewa akhale dokotala wodziwa pamene mtsempha womvera wadutsa, osati wa chikwama woyenda m'midzi.

Ngati mwachita zonsezi mokhulupirika masabata 6 popanda kusintha kuli konse, kapena ululu ukukudzutsani usiku, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani ku chipatala chaching'ono, ndipo iwo akaona kofunika adzakutumizani ku chipatala cha boma ku Kasungu. Kuyambira 1985 dziko lathu lakhala likuphunzitsa madokotala othandiza a mafupa amene amagwira ntchito m'zipatala za maboma, ndipo mu 2010 sukulu ya College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo. Zofuna akatswiri aakulu zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Musakhumudwe adokotala akapanda kukujambulani, pakuti chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa, ndipo pa nthendayi fupa limakhala labwino. Popita tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa. Mukalowa, lozani ndi chala chimodzi pamene pakuwawa, nenani mwezi umene zinayamba ndi ntchito imene munkagwira, tchulani ngati muli ndi matenda a shuga, ndipo ngati zala zimachita dzanzi kapena pathupi pali banga, nenani zimenezo poyambirira, adokotala asanakufunseni.